Dzimbiri loyera pa zipolopolo za mtovu zoumba tokha: tizisunge bwanji kuti zikhale zaka zambiri?

Bambo Kalua

Moni nonse a pagulu pano. Ndili ndi funso kwa inu amene mwakhala mukuumba zipolopolo za mtovu kwa nthawi yaitali. Mphika wosungunulira mtovu ukatentha ine ndimaumba zambiri nthawi imodzi, kenako n'kumazigwiritsa ntchito pang'onopang'ono powombera chandamale, motero zina zimakhala zaka zingapo zisanalowe m'mfuti. Zimene ndinasunga m'bokosi lathabwa zatuluka ufa woyera umene ukukanirira m'mizere yopakamo mafuta, pamene zina za mtovu womwewo, zoumbidwa ndi chikombole chomwecho, zimene zinali m'botolo lagalasi zangoda pang'ono basi. Bokosi ndi botolo zinali m'chipinda chimodzi. Ndikupempha kuti mundifotokozere chimene chimayambitsa ufa umenewu, ndiponso njira imene inu mumaidalira posunga zipolopolo kwa zaka zambiri.

Bambo Mwale

A Kalua, choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene anthu amazitcha dzimbiri pa mtovu. Chipolopolo chikangotuluka m'chikombole chimanyezimira, koma pakapita masabata chimazilala n'kukhala chotuwa chakuda. Kutuwa kumeneko kusakudetseni nkhawa, chifukwa ndi kakhungu kopyapyala kwambiri kamene kamapangika mtovu ukakumana ndi mpweya, ndipo kamateteza mtovu wa m'kati kuti usapitirire kudyeka. Chipolopolo chotere kukula kwake sikusintha ndipo chimawombera bwinobwino. Ufa woyera ndi nkhani ina, popeza umakula, umatukusira ndipo umagwa, kusiya malo atsopano oti adyekenso.

Ine ndimaona kuti mdani wamkulu ndi chinyezi. Ndimasunga zanga m'zitini zachitsulo zosungiramo zipolopolo za asilikali, zija zili ndi labala kuzungulira chivundikiro, ndipo ndimaikamo kathumba ka timibulu ta silica gel toyamwa chinyezi. Thabwa limayamwa madzi a mumpweya n'kumawatulutsa nyengo ikasintha, pamene galasi silitero, ndipo ndikuganiza kuti kusiyana kumene mwaonako kwachokera pamenepo.

Mayi Chirwa

Bambo Mwale, zimene mwanena za kutuwa ndi zoona, ndipo chinyezi chilidi m'gulu la zoyambitsa, koma ndikupempha kuti tisalekere pamenepo, chifukwa thabwa limachita chinthu china choipa kuposa kusunga madzi. Matabwa ambiri amatulutsa nthunzi ya asidi, makamaka acetic acid, amene ndi asidi yemwe uja wa mu viniga, komanso formic acid. Mtengo wa oak ndiwo umadziwika kwambiri pa khalidwe limeneli, koma pulayiwudi ndi matabwa ena opangidwa pomata zidutswa ndi guluu nawonso amatulutsa. Nthunziyo ndi yochepa moti mphuno siingaimve, koma m'bokosi lotseka imaunjikana chaka ndi chaka.

Chimene chimachitika ndi ichi. Asidi akafika pa mtovu pamene pali chinyezi pang'ono, amasungunula kakhungu kotuwa kaja n'kupanga mchere wotchedwa lead acetate. Kenako mpweya wa carbon dioxide, umene uli paliponse, umasandutsa mcherewo kukhala basic lead carbonate, ndiwo ufa woyera umene a Kalua auona. Pa kusandulika kumeneku asidi uja amamasuka n'kubwereranso kukadya mtovu wina, kotero kuti asidi wochepa kwambiri akhoza kuwononga mtovu wochuluka popanda iye mwini kutha. N'chifukwa chake ufa woyera ukangoyamba sulekeza wokha.

Zimenezi anthu anazidziwa kalekale, ndipo ankazichita mwadala. Penti woyera wa mtovu, amene ankagwiritsidwa ntchito kwa zaka mazana ambiri ku Ulaya, ankamupanga poika mapale a mtovu m'miphika yokhala ndi viniga pansi, n'kukwirira miphikayo m'ndowe za akavalo kapena m'makungwa ofufutira zikopa, kuti kuwola kwa zinthuzo kupereke kutentha ndi carbon dioxide. Pakapita miyezi ingapo mapale aja ankakhala atakutidwa ndi ufa woyera wochindikala. Bokosi lathabwa lotseka, lokhala pamalo ofunda ndi a chinyezi, limachita ntchito yomweyo ngakhale kuti limaichita pang'onopang'ono. Choncho chinyezi ndi asidi zimayendera limodzi, ndipo munthu amene wachotsa chimodzi n'kusiya chinacho wangochepetsa liwiro la vutolo.

Bambo Kalua

Zikomo kwambiri, Mayi Chirwa. Ngati thabwa lili choncho, nanga makatoni? Ndimaona kuti ngakhale ogulitsa zipolopolo ambiri amalongedza m'timakatoni, ndipo ine ndinkaganiza zosamutsira zanga m'timakatoti totero n'kutiika m'chitini chimene a Mwale anena.

Mayi Chirwa

Bambo Kalua, ogulitsa amayembekezera kuti katundu wawo agwiritsidwa ntchito posachedwa, ndipo zipolopolo zawo zambiri zimakhala zopakidwa kale. Katoni ndi mapepala wamba zimachokera ku mtengo ndipo zimatulutsa asidi yemweyo pamene zikukalamba, komanso zimayamwa chinyezi. Mukaika katoni m'chitini chotseka bwino ndiye kuti mwatsekera asidi pamodzi ndi mtovu, ndipo nthunziyo ilibenso kotulukira. Muyeneranso kupewa guluu woyera wamatabwa wa PVA, penti wamafuta amene sanaumitsitse, ndi silicone womatira amene amanunkha viniga pouma, chifukwa fungo limenelo ndi acetic acid weniweni. Ngati chitini chanu mwachipenta kumene m'kati, chisiyeni chotsegula kwa masabata angapo musanaikemo kanthu.

Zotengera zabwino ndi galasi, chitsulo choyera, ndi pulasitiki wa mtundu wa polyethylene kapena polypropylene. Mungamuzindikire poyang'ana nambala ili m'kachizindikiro ka makona atatu pansi pa chotengeracho: 2, 4 ndi 5 ndi zabwino, pamene 3 ndi PVC, amene ndi bwino kumupewa chifukwa akamakalamba amatulutsa zinthu zodya zitsulo.

Nyumba zosungiramo zinthu zakale zinavutika kwambiri ndi nkhani imeneyi, popeza zidindo, ndalama ndi zidole zamtovu zinkasanduka ufa m'makabati okongola a oak. Mu 1973 Andrew Oddy wa ku British Museum anakonza njira yoyesera chinthu chilichonse chisanaikidwe pafupi ndi katundu wakale. Amatsekera kachidutswa ka chinthucho m'botolo pamodzi ndi madzi pang'ono ndi tizidutswa ta siliva, mkuwa ndi mtovu, n'kusunga botolo pa 60°C kwa masiku 28. Mtovu ukatuluka ufa woyera, chinthucho amachikana. Aliyense wa ife angachite zofanana ndi zimenezi kunyumba: ikani chipolopolo chatsopano m'botolo limodzi ndi kachidutswa ka katoni kapena siponji imene mukuikayikira ndi kansalu konyowa kosakhudza mtovu, chipolopolo china m'botolo lina lokhala ndi kansalu konyowa kokha, n'kuwasiya pamalo ofunda kwa mwezi umodzi kapena iwiri.

Bambo Gondwe

Ndawerenga zonsezi mwachidwi, koma ine ndikuona kuti tikuchulutsa nkhawa za chotengera pamene yankho lili pa chipolopolo chenichenicho. Mtovu umene sukukhudzana ndi mpweya sungadyeke, kaya uli m'thabwa kapena m'katoni. Njira yapafupi ndi kuzigubuduza mu Lee Liquid Alox, mafuta amadzimadzi opaka zipolopolo, wosungunulidwa pang'ono, n'kuziyala pa pepala laphula kuti ziume usiku wonse, ndipo zimatuluka zitakutidwa paliponse ndi kakhungu kofiirira. Njira yoposa pamenepo ndi penti wa ufa wowotcha mu uvuni. Mumagwedeza zipolopolo ndi ufawo m'kontena ya pulasitiki ya nambala 5 mpaka ufa utakanirira, kenako mumaziwotcha pa 200°C kwa mphindi pafupifupi 20. Penti ameneyu akapsa bwino sachoka ngakhale mutaphwanya chipolopolo ndi hamala, sasungunuka ndi kutentha kwa m'nyumba, sakola fumbi, ndipo manja anu sakhudzanso mtovu. Amawonjezera kukula kwa chipolopolo ndi mainchesi 0.001 mpaka 0.002, kotero mumachidutsitsa m'chida cholinganiza kukula chikazizira. Uvuni wake ukhale wa ntchito imeneyi yokha, usadzaphikirenso chakudya.

Bambo Mwale

A Gondwe, penti wa ufa sindikumutsutsa, ndipo pa kusunga kwa nthawi yaitali ndikuvomereza kuti palibe chopaka china chomuposa. Koma pali zinthu ziwiri zofunika kuzinena. Amene amagwetsera zipolopolo m'madzi zikangotuluka m'chikombole pofuna kuti zilimbe adziwe kuti kutentha kwa 200°C kumachotsa mbali yaikulu ya kulimba kumeneko ngati zizizira zokha mumpweya, choncho ena amazigwetseranso m'madzi pozichotsa mu uvuni. Chachiwiri, si mafuta onse opaka amene amateteza. Mafuta amene owombera mfuti zakale za wonga wakuda amakonda, osakaniza phula la njuchi ndi mafuta a nyama kapena a zomera, ndi abwino mumpope wa mfuti koma ndi oipa posunga. Mafuta otere amasasa pakapita nthawi n'kutulutsa asidi wawo, amene amadya mtovu m'mizere momwemo, ndipo ngati chipolopolo chili ndi kachipewa kamkuwa kumatako kwake, mkuwawo umachita nguwi yobiriwira. Zipolopolo za mfuti zoterezi ine ndimazisunga zosapaka, n'kuzipaka nthawi yozigwiritsa ntchito ikayandikira. Ngati munthu akufuna kuziteteza pang'ono pamene zikudikira, phula lochokera ku mafuta a m'nthaka, monga microcrystalline wax, lilibe asidi ndipo silisasa.

Bambo Tembo

Pali mbali imene sitinaikhudze, ndiyo mtundu wa mtovu umene munthu waumbira. Mtovu wosasakaniza ndi kanthu, uja wofewa wa BHN (muyeso wa kulimba kwa chitsulo) pafupifupi 5 umene timaumbira zipolopolo zobulungira za mfuti zakale, ndiwo umagwidwa msanga ndi ufa woyera. Mtovu wosakaniza ndi tini umapirira kwambiri nthunzi ya asidi. Akatswiri amene anafufuza mapaipi a malimba akale a m'matchalitchi a ku Ulaya anapeza kuti mapaipi okhala ndi tini wochepa kwambiri ndiwo ankadyeka kumunsi, pamene mphepo yodutsa m'mabokosi amatabwa imalowera, ndipo asidi wake ankachokera ku matabwawo. Ndiye amene amaumbira chisakanizo chotchedwa Lyman nambala 2, chimene chili ndi magawo 90 a mtovu, 5 a tini ndi 5 a antimony (chitsulo cholimbitsa mtovu), kapena china chotchedwa linotype cha magawo 84, 4 ndi 12 a zitsulo zomwezo, angaone zipolopolo zake zikukhala zowala kwa nthawi yaitali kusiyana ndi mnzake woumbira mtovu wofewa wa mapaipi akale amadzi. Sindikunena kuti tizithira tini wambiri chifukwa cha kusunga kokha, popeza chisakanizo chiyenera kutsata mfuti ndi liwiro la chipolopolo, koma amene ali ndi mtovu wofewa ndiye ayenera kusamala koposa.

Maganizo anga enieni ndi akuti katundu wa zaka zambiri asungidwe ngati tinjerwa ta mtovu m'malo mwa zipolopolo. Kanjerwa kali ndi khungu lochepa poyerekeza ndi kulemera kwake, ndipo ngakhale katayera pang'ono palibe chimene chawonongeka, chifukwa kadzalowabe mumphika. Zipolopolo zokha ndi zimene zimafuna kuti kukula kwake kusasinthe ngakhale pang'ono.

Achimwene Zimba

Pepani akuluakulu, ine ndangoyamba kumene kuumba, ndiye ndifunse za zipolopolo zimene zatuluka kale ufa woyera. Ndinamva kuti munthu akhoza kuziviika mu viniga kwa kanthawi ufawo n'kuchoka, ndipo ena amati azizungulize m'makina opukutira zikopa zamkuwa za zipolopolo, zija mumakhala wonga. Kodi njira zimenezi n'zabwino? Ndinamvanso kuti ufa woyera umakanda mpope wa mfuti, kodi zimenezi n'zoona?

Mayi Chirwa

Achimwene Zimba, mwachita bwino kufunsa musanayese, ndipo ndikukupemphani kuti musachite njira zonse ziwirizo. Viniga amachotsadi ufawo, koma amauchotsa pousandutsa lead acetate, mchere umene umasungunuka m'madzi mosavuta ndipo ndi poizoni woopsa, kotero mumatsala ndi madzi amene simungawataye pansi kapena m'ngalande. Komanso viniga wotsalira m'mizere ndi m'timing'alu ta chipolopolo amayambitsanso kudyeka komweko, mwachangu kuposa poyamba. Kusakaniza viniga ndi hydrogen peroxide, kumene ena amalimbikitsa, n'koopsa kwambiri chifukwa kumasungunula mtovu weniweniwo.

Makina opukutira ouma, bulashi yawaya ndi sandipepa zimasandutsa ufawo fumbi louluka. Chipolopolo chowala munthu akachigwira n'kusamba m'manja ndi sopo, mtovu wolowa m'thupi umakhala wochepa, koma ufa woyera umakanirira ku zala ndi ku zovala, umapumidwa, ndipo ukamezedwa asidi wa m'mimba amausungunula n'kulowa m'magazi. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza, ndipo ana aang'ono matupi awo amayamwa mtovu wochuluka kuposa akuluakulu, umene umawononga ubongo umene ukukula. Amayi oyembekezera nawonso asayandikire. Pogwira zipolopolo za ufa woyera valani magolovesi, gwirani ntchitoyo panja, pukutani malowo ndi nsalu yonyowa m'malo mosesa, ndipo musadye kapena kusuta musanasambe. Nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri, chifukwa fumbi limene bambo sanalione pa malaya ake ndi limene mwana amalipeza akamukumbatira.

Bambo Gondwe

Pa funso la mpope, achimwene, ufa wa lead carbonate ndi wofewa, uli pa 3 mpaka 3.5 pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa zinthu, pamene chitsulo cha mpope wa mfuti n'cholimba kuposa pamenepo, ndiye sindikhulupirira kuti ufawo pawokha ungakande mpope. Chimene chimakanda ndi mchenga ndi fumbi zimene zimakanirira pa zipolopolo zosungidwa poyera, makamaka zamafuta onata. Vuto la ufa ndi lina: umasintha kukula kwa chipolopolo, umadya m'mphepete mwa matako ake pamene pamafunika kukhala pakuthwa kuti chiziwuluka molunjika, umalepheretsa mafuta ndi penti kugwira, ndipo powombera umasanduka fumbi limene wowombera amalipuma.

Zimene zangotuwa zigwiritseni ntchito. Zimene zili ndi timadontho tochepa zikhoza kupukutidwa ndi nsalu yothira mafuta ochepa a makina n'kugubuduzidwa mu Alox. Zimene zakutidwa ndi ufa zibwerere mumphika, panja pamene mphepo ikuchotsa utsi kwa inu. Mtovu umasungunuka pa 327°C, ndipo ufawo umayandama pamwamba pamodzi ndi zinyalala zina, zimene muyenera kuziwola n'kuzisunga m'chitini chotseka mpaka mutazipereka kumalo olandira zinyalala zoopsa. Chenjezo lalikulu ndi lakuti ufa umasunga madzi, ndipo dontho la madzi likamira mu mtovu wosungunuka limasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kumwaza mtovu wamoto paliponse. Ikani zipolopolozo mumphika wozizira kuti zitenthe pamodzi ndi mphikawo, osaziponya mu mtovu wosungunuka kale.

Bambo Mwale

Mawu a madzi andikumbutsa chinthu chimene chimapusitsa anthu ambiri. Chitini chotseka bwino chimatsekera m'kati chilichonse chimene mwaikamo, choncho zipolopolo zogwetsedwa m'madzi ziyenera kuuma kotheratu, makamaka za mphuno yobooka zimene zimabisa dontho m'kati. Ziyaleni pa thaulo pamalo ofunda kwa masiku angapo, ndipo muzitsekere tsiku louma, osati mvula ikugwa. Thukuta la m'manja lili ndi mchere umene umakoka chinyezi, ndiye polongedza valani magolovesi.

Silica gel amakhuta, ndipo akakhuta sagwiranso ntchito. Pezani wa timibulu tosintha mtundu: tobiriwira ngati mtambo timasanduka tapinki tikakhuta, ndipo tachikasu chofiirira timasanduka tobiriwira kapena toyera. Timaumanso tikawotchedwa pa 120°C kwa maola awiri kapena atatu. Kakhadi kosonyeza chinyezi koikidwa pansi pa chivundikiro kamathandiza, ndipo cholinga chikhale kusunga chinyezi pansi pa 40 peresenti. Zitini zisakhale pa simenti mwachindunji kapena m'shedi yamalata imene imatentha masana n'kuzizira usiku, chifukwa kusinthasintha kumeneko kumachititsa mame pa chitsulo. Mukabweretsa chitini chozizira m'chipinda chofunda, chisiyeni chifunde musanachitsegule.

Kumbukiraninso kulemera. Lita imodzi ya mtovu imalemera makilogalamu 11.3, ndipo zipolopolo 1,000 zolemera magireni 158 chilichonse (gireni ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo) zimapitirira pang'ono makilogalamu 10. Chitini chachikulu chikadzaza n'chovuta kunyamula, ndipo zipolopolo zofewa za pansi zimaphwanyika m'mphepete. Ndi bwino kugawa m'tizotengera ting'onoting'ono ta pulasitiki kapena m'matumba ochindikala a polyethylene, kuti mukatsegula chimodzi zinazo zikhalebe zotseka.

Achimwene Zimba

Zikomo akuluakulu, viniga ndamusiya. Nanga mapepala a VCI amene amakulungira mfuti ndi zida kuti zisachite dzimbiri, kodi angathandize m'chitinimo? Ndiponso matumba ochotsedwa mpweya ndi makina, monga osungira chakudya, kodi ndi abwino?

Mayi Chirwa

Mapepala a VCI ambiri anapangidwira chitsulo, ndipo mankhwala ena a m'mapepalawo amadya zitsulo zina monga mtovu ndi zinc m'malo moziteteza, choncho musawaike pokhapokha wopanga atalemba momveka kuti ndi oyenera mtovu. Chimene chimathandizadi pa asidi ndi makala apadera otchedwa activated carbon, amene amayamwa nthunzi ya acetic acid, ndipo kathumba kake kakhoza kukhala pambali pa ka silica gel. Matumba ochotsedwa mpweya ndi abwino chifukwa amachotsa chinyezi ndi carbon dioxide nthawi imodzi, koma m'mphepete mwa zipolopolo zina ndi mwakuthwa moti thumba limabooka, ndiye ikani matumba awiri ndipo muwasunge m'chitini kuti asakhulane ndi zinthu zina.

Bambo Tembo

Ndiwonjezere chinthu chimodzi chimene silica gel kapena penti sizingaletse, ndicho kusintha kwa kulimba. Zipolopolo zokhala ndi antimony zimapitiriza kulimba kwa masabata awiri kapena atatu zitaumbidwa, ndipo zogwetsedwa m'madzi zimafika pa kulimba kwakukulu kenako n'kumafewa pang'onopang'ono pakapita zaka. Za mtovu ndi tini zokha zimafewa pang'ono ndi nthawi. Chotero chipolopolo chosungidwa bwino chikhoza kutuluka chowala koma BHN yake itasiyana ndi ya tsiku loumba, ndipo amene amawombera pa liwiro lalikulu ayesenso kulimba kwake asanachigwiritse ntchito. Pa chifukwa chimenechi chotengera chilichonse chilembedwe tsiku loumba, chisakanizo cha mtovu, nambala ya chikombole, kulemera kwa chipolopolo, ndiponso ngati chinazizira mumpweya kapena m'madzi. Lembani ndi cholembera chosafufutika kunja kwa thumba kapena kwa chitini, popeza kapepala koikidwa m'kati n'kamene kamayambitsa ufa woyera pa zipolopolo zimene zakagundira.